Kalata yopita ku Johannesburg kuchokera ku Bangula

Achimwene,

Moni wochokera kwanu kuno ku Bangula, ife tadzuka bwino kaya inu kumeneko. Voisi yanu ija pa WhatsApp ndinaimvera usiku womwewo, ndinayesa kuyimba koma netiweki yathu mukuidziwa, mawu amangodukaduka, komanso nkhani ngati imeneyi siyokuwa pa foni anthu akumvetsera, nde ndati bola ndikhale pansi ndilembe bwinobwino mukawerenge pa nthawi yanu. Italika ndithu koma chonde musaisiyire panjira.

Pepani kwambiri ndi za ntchito zija. Munthu kugwira zaka zonsezi pamalo amodzi n'kungouzidwa kuti mawa usabwere, pemiti nayo itatha, lendi ikudikira, kuno ana akudikira fizi, si zinthu zoti wina angokuuzani kuti limbani mtima basi nkhani n'kuthera pomwepo. Ndinamva mmene mawu anu amanjenjemera pomwe mumati mvula ikakuona litsiro sikata. Koma chinandilasa kwambiri ndi pomwe munati mwasiya kupemphera chifukwa Mulungu anakuiwalani, kenako n'kundifunsa kuti kodi ife kuno timatha bwanji kupitabe ku tchalitchi madzi akutikokolola chaka ndi chaka. Funso limenelo ndi lomwe ndikufuna ndiyankhe. Sindine m'busa, ndine mnzanu uja tinkawedza limodzi milamba ku Makhanga, kungoti Baibulo ndaliwerengera m'malo omwe sindinkafuna kukhalamo, mu kampu ndi pa maliro, ndipo kumeneko limamveka mosiyana ndi mmene limamvekera zinthu zili bwino.

Za kunyumba musade nkhawa kwambiri. Alamu ndinawaona Lamulungu, ali bwino, ana nawonso ali bwino, wamkulu uja watalika moti tsiku lomwe mudzafike simudzamuzindikira msanga. Dzuwa la Okutobala lafika pachimake, masana palibe angaponde pansi wopanda nsapato, usiku tikugona panja pa mkeka. Ku dimba chimanga chakhwima, mbatata tikukumba pang'onopang'ono, mvuu zinalowa mbali ya kumunsi koma sizinawononge zambiri.

Tiyeni tikumbutsane zomwe chigwa cha Shire chino chaona, zina munali konkuno zina munkangomva pa foni. Januwale 2015 madzi aja anabwera, mtsinje wa Ruo n'kusiya njira yake yakale kudutsa m'midzi, Makhanga kusanduka chilumba, anthu kugona m'mitengo ndi pamwamba pa chulu kudikira maboti ndi helikopita. Malichi 2019 anabweranso nthawi ya namondwe Idai. Januwale 2022 kunabwera namondwe Ana, uja anaononga ku Kapichira dziko lonse n'kukhala pa magetsi ozimazima miyezi yambirimbiri, msewu wa M1 kuduka ku Chikwawa ife kumunsi kuno kutsekeredwa. Tisanapume n'komwe, Gombe. Malichi 2023 Freddy, amene anapha ndi kusowetsa anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Novembala chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, kandalama komwe munthu unasunga kogulira malata kosakwananso. Nde 2024 madzi omwe tinkawathawa aja tinawalira, dzuwa linawamba mbewu mpaka boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Nde mukafunsa kuti timapemphera bwanji, funso lanu ndi lomveka, si la munthu wachikunja ayi.

Choyamba chomwe ndingakuuzeni ndi chakuti ine ndafufuza m'buku lija, sindinapezemo pomwe Mulungu analonjeza kuti madzi sadzafika pakhomo pa munthu wopemphera. Utawaleza wa Nowa unali lonjezo loti dziko lonse silidzamizidwanso, sunanene kuti Shire sadzasefukira. Tsegulani Mateyu 7 kuyambira vesi 24, nkhani ya anthu awiri omanga nyumba ija tinkaiyimba tili ana ku Sande Sukulu. Werengani pang'onopang'ono muone, mvula inagwa pa nyumba zonse ziwiri, mitsinje inadzaza n'kugunda zonse ziwiri, mphepo inaomba zonse ziwiri. Womanga pa thanthwe uja sanapatsidwe nyengo yakeyake, chimvula chinamupeza chimodzimodzi, kusiyana kunali pansi pa nyumba basi. Pa Yesaya 43:2 naponso Mulungu sakunena kuti sudzaoloka madzi, akuti poolokapo ndidzakhala nawe. Ifeyo m'matchalitchi ambiri taphunzitsidwa zosiyana, kuti ukamapemphera, ukamapereka chakhumi, mavuto azikulambalala, nde akabwera munthu umaona ngati Mulungu waswa pangano pomwe pangano limenelo sanalilembe ndi Iyeyo.

Pali china chomwe ndinachimva pansi pa mawu anu olo simunachitchule, chakuti mwina munalakwa penapake, mwina pali tsoka la kumtundu, mwina wina kumudzi kuno anakuchitani chipongwe. Maganizo amenewo ndimawadziwa chifukwa Freddy atapita anadzaza chigwa chonse. Ena amaimirira pa maliro penipeni n'kumati ichi ndi chilango, anthu a ku Chilobwe ndi ku Soche omwe matope anawakwirira usiku aja anachimwa kwambiri, ife a ku Nsanje ndi Chikwawa tili ndi zomwe tinachita. Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero chifukwa mwa omwe tinawaika m'manda munali makanda ndi agogo oti moyo wawo wonse anali a mvano. Yesu anayankha kale nkhani imeneyi pa Luka 13:4, nsanja ya ku Siloamu inagwera anthu 18 n'kuwapha, Iye anafunsa kuti kodi mukuganiza kuti amenewo anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu, n'kuyankha yekha kuti ayi. Anzake a Yobu aja anakhala machaputala ambirimbiri akumupanikiza kuti ulula tchimo lako, pamapeto pake pa Yobu 42:7 amene Mulungu anawakwiyira ndi iwowo, osati Yobu. Nde achimwene, kampani ikachepetsa anthu ndiye kuti yachepetsa anthu, mlendo wopanda mapepala ndi amene amayamba kuchotsedwa, zimenezo zikuchitikira anzathu ambiri kumeneko opemphera ndi osapemphera omwe. Kulapa n'kofunika tsiku lililonse, koma musadzisenzetse mlandu womwe Mulungu sanakuzengeni.

Tsopano za mneneri uja. Apa ndilankhula mosabisa chifukwa ndinu m'bale wanga. Munati anakuuzani kuti mufese mbewu, mutumize ndalama ya lendi ija ndipo mwezi usanathe chitseko chitseguka, mwezi unatha, wachiwiri unatha, pano akuti chikhulupiriro chanu chinachepa muonjezere. Musaonjezere olo randi imodzi. Pa Machitidwe 8:20 Petro anamukalipira Simoni koopsa chifukwa choganiza kuti mphatso ya Mulungu ingagulidwe ndi ndalama. Ndipo pali nkhani ina yomwe ndikufuna muiwerenge yonse, Yeremiya chaputala 28 ndi 29, chifukwa ikunena za anthu okhala kudziko la eni ngati inuyo.

Ayuda atatengedwa ukapolo kupita ku Babulo kunadzuka mneneri wina dzina lake Hananiya, amene anaimirira m'kachisi pamaso pa anthu n'kunena kuti zaka ziwiri zisanathe onse abwerera ndipo katundu wa m'kachisi abwezedwa. Mpaka anachotsa goli lamtengo lomwe Yeremiya anavala m'khosi n'kulithyola anthu akuona. Tangoganizani mmene anthu anasangalalira, ndani safuna kumva kuti mavuto atha posachedwa? Koma zinali zabodza, Mulungu sanamutume. Yeremiya ndi amene analemba kalata kutumiza ku Babulo, ndipo uthenga wake unali wowawa, anati zaka zake ndi 70, nde mangani nyumba mukhalemo, limani minda mudye zipatso zake, kwatirani mubereke ana, mufunire mtendere mzinda womwe mulimowo ndipo muupempherere. Vesi 11 ija anthu amaikonda kuilemba pa Facebook ndi kumbuyo kwa minibasi, yoti Mulungu ali ndi malingaliro abwino pa ife otipatsa tsogolo ndi chiyembekezo, ili mkati mwa kalata yomweyo, inalembedwera anthu omwe ambiri mwa iwo anadzafera konko osaonanso kwawo. Ineyo zimenezi sizindifooketsa, zimandilimbitsa, chifukwa zikusonyeza kuti chikonzero cha Mulungu chinali chikuyendabe mkati mwa ukapolo momwemo, pomwe anthu akuumba njerwa ndi kubzala masamba, osati pokhapokha atatuluka. Sindikunena kuti inuyo mudikira zaka 70 ayi, ndikungoti amene akukupatsani deti loti mavuto athera muzimuopa, amene akukuuzani kuti dzukani mugwire chomwe chili pafupi ndi amene akufanana ndi Yeremiya.

Apa nde ndafika pa mawu omwe andigwira dzanja zaka zonsezi, Mlaliki chaputala 11. Vesi 4 ikuti woyang'ana mphepo sadzafesa, woyang'ana mitambo sadzakolola. Vesi 6 ikuti fesa mbewu zako m'mawa, madzulonso usapumitse dzanja, pakuti sudziwa zomwe zidzachite bwino, kaya izi kaya izo kaya zonse ziwiri. Achimwene, amene analemba zimenezi akanatha kukhala wa kuno kwathu. Kumbukirani mmene agogo athu ankalimira. Munda wa kumphala ankabzala mapira ndi mchewere, mbewu zopirira dzuwa, pena thonje loti apezere ndalama. Madzi akaphwa ankatsikira ku dimba kukabzala chimanga, nyemba, maungu ndi mbatata pa matope achonde omwe madzi osefukira omwewo asiya. Chaka cha chilala dimba linkawapulumutsa, chaka cha madzi ambiri kumtunda kunkawapulumutsa, pambali pake mbuzi m'khola, nkhuku, bwato ndi ukonde. Ambiri sankatha kuwerenga koma Mlaliki 11 ankaichita ndi khasu. Sankadikira kuti wina awatsimikizire kuti chaka chino mvula igwa bwino kenako nkuyamba kulima, ankadziwa kuti sadziwa, nde ankabzala uku ndi uku, zotsala kusiyira Mulungu.

Chomwe chimandikhudza m'mavesi amenewa n'chakuti kusadziwa za mawa sikukuperekedwa ngati chifukwa chokhalira pansi, kukuperekedwa ngati chifukwa chogwirira ntchito kawiri. Ife mantha akatigwira timafuna tipinde manja mpaka zinthu zioneke bwino, ena amapita kwa asing'anga kapena kwa aneneri kuti awauze za kutsogolo. Baibulo likuti sudzadziwa, ndipo poti sudzadziwa, fesa. Vesi 2 mpaka ikuti gawa chuma chako pasanu ndi pawiri olo pasanu ndi patatu chifukwa sudziwa tsoka lomwe lingagwe pa dziko. Nde kwa inu kumeneko ndikuona chonchi, ntchito ya pa kampani inali munda umodzi, wauma. Manja anu aja amadziwa kumanga, amadziwa kupenta, munkakonza njinga za kabaza pa Bangula pano musanapite. Ganyu iliyonse yachilungamo yomwe yapezeka gwirani olo ikhale yonyozeka, ya tsiku limodzi, uku mukufunsa za ntchito ina, uku mukuyendetsa za mapepala mwa njira yoyenera. Ndipo kakapezeka kangachepe musamatumize konse kuti kadyedwe, kena alamu azikaponya ku banki mkhonde kapena tigule kambuzi kakakazi, ine ndikhoza kukasunga m'khola langa kaziswana. Yosefe ku Ejipito sanaletse njala ndi pemphero, Mulungu anamupatsa nzeru yosunga gawo limodzi mwa magawo asanu pa zaka zokolola bwino, ndipo nkhokwe zimenezo ndi zomwe zinapulumutsa anthu, Genesis 41.

Pali chinthu china kuno chimanditopetsa mtima. A zanyengo akalengeza pa wailesi kuti kukubwera namondwe, a komiti ya m'mudzi akuyenda ndi chimkuzamawu kuti samukirani kumtunda, pamapezeka abale ena mu mpingo oti ife sitisuntha, Mulungu wathu ndi wamkulu, othawa ndi opanda chikhulupiriro. Ena mwa iwo tinawataya. Miyambo 22:3 ikuti wochenjera amaona tsoka likubwera n'kubisala, koma achibwana amangopitirira n'kuvutika nalo, ndipo mawu omwewa abwerezedwanso pa 27:12. Yesu mwini wake satana atamuuza kuti dziponye pansi kuchokera pamwamba pa kachisi angelo akuwakha, anakana, anati usamuyese Ambuye Mulungu wako. Paulo pa Machitidwe 27 mngelo anali atamuuza kale kuti palibe adzafe m'chombo chija, anthu onse 276, komabe anaumirira kuti oyendetsa chombo asathawe ndipo anauza anthu kuti idyani mupeze mphamvu. Chombo chinasweka, anthu anapulumuka ena posambira ena atagwira matabwa. Kukhulupirira ndi kuchenjera sizilimbana. Komabe ndisawaweruze mopitirira anthu okana kusamukiratu aja, omwe anthu a m'tauni amawanyoza kuti amangofuna thandizo laulere. Inu mukudziwa kuti kumtunda nthaka ndi youma, madzi ndi ovuta, malo ndi a eni, pomwe kudambo ndi komwe kuli chakudya ndi manda a makolo. Nzeru yomwe ambiri tafikapo ndi yoti nyumba kumtunda, munda kumunsi, olo ulendo wa kudimba utalike bwanji.

Koma ndikanama ndikakuuzani kuti ukachita zonse mwanzeru ndiye kuti zikuyendera. 2024 tinabzala kumtunda zinauma, tinabzalanso zinauma, mbuzi tinagulitsa motchipa chifukwa aliyense amagulitsa, azimayi kumalowa m'dambo kukazula nyika m'madzi momwe muli ng'ona kuti ana agone atalawa kanthu. Pamenepo Mlaliki wachita mbali yake, watsala ndi Habakuku. Chaputala 3 vesi 17 ndi 18, munthu uja akuwerenga zinthu zomwe zatha, mkuyu sunaphuke, mpesa ulibe zipatso, azitona alephera, minda ilibe chakudya, khola la nkhosa lili pululu, ng'ombe palibe, kenako akuti komabe ine ndidzakondwera mwa Yehova Mulungu wa chipulumutso changa. Sakunena kuti zinthu zili bwino, wazitchula zonse chimodzichimodzi mmene zaonongekera, wangokana kuti Mulungu awerengedwe limodzi ndi zomwe zapitazo. Chiyembekezo ine ndimachiona ngati chimanga cha mbewu chija amayi ankapachika ku denga la kukhitchini pa utsi, njala ivute bwanji chimenecho sichipita ku chigayo, chifukwa mukadya chimenecho ndiye kuti mvula ikadzagwa mudzangoiyang'ana. Ntchito yapita, ndalama yapita, koma chonde mbewu yokhayo musadye.

Ndipo musaganize kuti kupemphera ndi kumwetulira pamaso pa Mulungu. Ngati mwakwiya muuzeni kuti mwakwiya. Masalimo 69 akuyamba ndi munthu akukuwa kuti ndipulumutseni Mulungu madzi afika m'khosi, ndikumira m'matope ozama mopanda popondapo, ndalema ndi kulira, kummero kwauma. Nthawi ya Freddy tili mu kampu pa sukulu, kalasi imodzi mabanja osawerengeka, mkulu wa mpingo wina anawerenga salimo limeneli ndi tochi ya pa foni, anthu analira mokweza chifukwa aliyense ankadziwa kuti madzi ofika m'khosi ndi chani, sizinafunike kumasulira. Masalimo 88 nawo amathera mu mdima osatchula n'komwe kuti zinthu zinakhala bwino, koma ali m'Baibulo, Mulungu sanawachotsemo. Nde mawu omwe munandiuza ine pa voisi aja, oti mwandiiwala, auzeni Iyeyo mwachindunji, Davide ananena omwewo pa Masalimo 13. Limenelo ndi pemphero kale. Choopsa si kudandaula, choopsa ndi kungokhala chete n'kutseka chitseko.

Mu kampu momwemo ndinaonanso mmene Mulungu amayankhira nthawi zambiri, amadzera mwa anthu. Thandizo la mabungwe lisanafike anatidyetsa ndi anthu a m'midzi ya kumtunda, osauka anzathu, wina kabeseni ka ufa wa mapira, wina nkhuni, wina chitenje cha mwana. Akatolika, a CCAP, a Pentekosite, Asilamu, palibe ankafunsa kuti umapemphera kuti. Mutu umodzi susenza denga achimwene. Ndikudziwa kuti kumeneko munthu ntchito ikatha manyazi amakugwira, umadzitsekera m'kachipinda, foni osayankha. Musatero. Mipingo ya Amalawi ilipo yambiri mu Johannesburg, pezani umodzi womwe amaphunzitsa Mawu osati wongoitanitsa ndalama, mukhale pakati pa anthu, muwauze zoona kuti ntchito inatha. Maganyu ambiri amamveka pakamwa pa anthu, ndipo olo asamveke, munthu wakupatsa moni ndi dzina lako pa chilankhulo chako amakuchotsera katundu wina pamtima. Komanso mowa ndi kubetcha pa foni, ndikudziwa si khalidwe lanu koma nthawi ngati zino ndi pomwe zimakola anthu abwinobwino, zitalikireni.

Za tsiku ndi tsiku ine ndimachita zophweka. Buku la Miyambo lili ndi machaputala 31, nde ndimawerenga chaputala chogwirizana ndi deti la tsikulo m'mawa ndisanapite ku dimba kusanatenthe, ndikaonjezera salimo limodzi basi. Baibulo la Chichewa lilipo la pa foni, mukhoza kulitsitsa pomwe mwapeza intaneti n'kumawerenga opanda bandulo. Musafune kumva zinazake zodabwitsa m'thupi, masiku ena mudzawerenga osamva kanthu, werenganibe. Usiku ndi pomwe maganizo amabwera mwamphamvu, za lendi ya mwezi wamawa, za fizi ya teremu ikubwerayi, za ukalamba, zonse nthawi imodzi. Pamenepo ndimadzikumbutsa Mateyu 6:34, kuti mawa lidzadzidera nkhawa lokha, tsiku lililonse mavuto ake alikwanira. Yesu sakuletsa kukonzekera, paja tanena za Yosefe, akuletsa kusenza lero katundu wa chaka chonse. Pemphero lomwe anatiphunzitsa likuti mutipatse lero chakudya chathu chalero, ndipo mana m'chipululu ankatola a tsiku limodzi, osunga mwadyera ankawapeza ali ndi mphutsi. Nde ndikadzuka ndimafunsa kuti chomwe ndingachite lero ndi chani, ndichite chimenecho, chomwe sindingathe ndichitchule pamaso pa Mulungu n'kuchisiya pomwepo.

Mawu aja timangowanena mwachizolowezi akuti Mulungu akalola, kuno tinasiya kuwanena mwachizolowezi. Yakobo 4 kuyambira vesi 13 akulankhula ndi anthu onena kuti tipita ku mzinda wakutiwakuti, tikakhala chaka, tikachita malonda n'kupindula, pomwe sadziwa za mawa. Sakuwaletsa ulendo, akungoti muzinena kuti Ambuye akalola. Akuluakulu athu anati linda madzi apite ndiye uziti ndadala, ndipo munthu wa ku Mtayamoyo pafupi ndi Bangula pano amene anaona njanji ndi msewu zikuduka mu 1997 mpaka anthu kumaoloka pa bwato safunika kumuphunzitsa zimenezi. Pomwe zinkakuyenderani, mukutumiza ndalama pa Mukuru mwezi ndi mwezi nyumba ija ikukwera, sikuti Mulungu ankakukondani kwambiri kuposa pano. Ine pemphero lomwe ndimalikonda ndi la Aguri pa Miyambo 30:8-9, loti musandipatse umphawi kapena chuma, mundidyetse chakudya chondikwanira, kuopa ndingakhute n'kukukanani kapena ndingasauke n'kuba.

Munatchulanso kuti kubwerera kumudzi chimanjamanja bola kufera konko. Mawu amenewo sindinagone nawo, ndipo ndikukupemphani musawanenenso olo mumtima. Ngati maganizo oterowo akubwera pafupipafupi ndiuzeni, uzaninso munthu wina yemwe muli naye pafupi kumeneko, musakhale nawo nokha. Ana anu akufuna bambo awo, sakufuna katundu. Naomi pa Rute chaputala 1 anachoka ku Betelehemu kuthawa njala, anabwerera atataya mwamuna ndi ana ake awiri, n'kuuza azimayi a m'mudzi kuti ndinapita wodzala ndabwera wopanda kanthu. Mudzi unamulandira, ndipo vesi yomaliza ya chaputalacho ikuti anafika poyambira kukolola barele, iye asakudziwa kuti mpongozi wake wachilendo uja ndi amene adzakhale agogo a bambo ake a mfumu Davide. Sindikuti bwerani mawa, mwina chitseko china chitseguka konko, zimenezo muziganizire mofatsa pamodzi ndi alamu. Ndikungoti mukaona kuti zakanika, kubwera si manyazi. Oseka adzaseka sabata imodzi n'kupeza nkhani ina. Dimba la bambo anu lija lilipo, ndikulima mbali imodzi kuti lisagone, tsiku lomwe mwafika ndi lanu. Ngalande yaikulu ya ulimi wothirira ija ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira tikuiyembekezera nafenso, koma sitinasiye makasu podikira.

Chinthu chimodzi chomwe ndikupemphani muchite sabata ino ndi kuwauza alamu zoona. Akudabwa kuti bwanji simukuyimba ngati kale, ndipo mtima wa munthu ukasowa yankho umayamba kuganiza zina zoipa kuposa zenizenizo. Ine sindinawauze kanthu, ndi nkhani yanu, koma musachedwe nayo. Ndi mayi wolimba, anadutsa mu Freddy ndi ana yekha inu muli kumeneko, nkhani ya ntchito siingamugwetse, ndipo awiri mukamapemphera chinthu chimodzi mukudziwa chomwe mukupempherera. Za fizi ya teremu ino takambirana ndi mayi a kunyumba kuno, tikagulitsa mbatata tithandizako mbali ina, mudzabweza zikadzayenda, musakane.

Lamulungu likubwerali tikatuluka mu tchalitchi ndikwera pa kachitunda kaja kamagwira netiweki ndikuyimbireni cha m'ma 2 koloko, foni ikhale yotchaja. Muwerengeretu Yeremiya 29 ndi Mlaliki 11 kuti tidzakambirane, ndikufuna ndimve mmene inuyo mwazimvera. Mayi a kunyumba akupereka moni, ana akuti moni kwa amalume, a kwaya ya abambo amakufunsani nthawi zonse kuti besi yawo ibwera liti. Mupereke moni kwa anyamata a kwathu onse omwe mumaonana nawo kumeneko.

Ndine mnzanu ndi m'bale wanu mwa Ambuye,
wa ku Bangula